Zida zimene zimatsogolera ndege kumwamba: momwe zimagwirira ntchito

Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimene zimadutsa pamwamba pa chigawo cha Tete, zina zikusiya kamzere koyera m'mlengalenga, zimauluka pa mtunda wa mamita 10,000 mpaka 12,000 kuchoka pansi, pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola. Kumwambako kulibe msewu, kulibe chikwangwani, kulibenso munthu womufunsa njira. Usiku, kapena m'dzinja mitambo ikatseka, woyendetsa ndege akasuzumira pawindo saona kanthu. Komabe ndegeyo imakatera ndithu pa msewu wake, umene nthawi zambiri m'lifupi mwake ndi mamita 45 okha.

Zimenezi zimatheka chifukwa cha zida za m'chipinda cha oyendetsa, chimene pa Chipwitikizi amati cabine. Pa ulendo wonse woyendetsa amafuna mayankho a mafunso anayi: ndege yawongoka kapena yapendekeka, ikuthamanga bwanji, ili m'mwamba bwanji, ndiponso ili pati. Funso lililonse lili ndi zida zake, ndipo chida chimodzi sachikhulupirira pachokha. Zili ngati pa bwalo la amfumu: mlandu sautha ndi mboni imodzi.

Chifukwa chake maso ndi thupi sizikwanira

Munthu amadziwa kuti waima chilili chifukwa cha maso ake komanso timadzi tina timene tili m'kati mwa khutu. Pansi pano ziwirizi zimathandizana bwino. M'mitambo maso alibe poonera, ndipo khutu limanyengeka msanga. Ndege ikayamba kupendekeka pang'onopang'ono, thupi silimva chilichonse. Ikakhota kwa kanthawi ndithu, thupi limazolowera n'kumamva ngati ikupita molunjika, ndiye woyendetsa akaiwongola amamva ngati wayamba kukhotera mbali ina. N'chifukwa chake kusukulu kwawo oyendetsa ndege amaphunzitsidwa kumvera zida ngakhale thupi likukana.

Woyamba kusonyeza kuti zimenezi n'zotheka anali Jimmy Doolittle wa ku America. Pa 24 Seputembala 1929, pafupi ndi mzinda wa New York, ananyamuka, kuzungulira ndi kutera ali m'chipinda chophimbidwa ndi nsalu, akuyang'ana zida zokha.

Masikirini a kutsogolo kwa oyendetsa

Ndege zakale zinali ndi zida zozungulira ngati mawotchi, chilichonse ndi muvi wake, zodzaza khoma lonse la kutsogolo. Zinali zochuluka kotero kuti pankafunika munthu wachitatu woyang'anira mainjini, mafuta ndi magetsi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndege monga Boeing 767 ndi Airbus A310 zinabwera ndi masikirini ofanana ndi a kanema, ndipo ntchito ya munthu wachitatuyo inapita kwa makompyuta.

Ndege ya Airbus A320, imene inayamba kunyamula anthu mu 1988, ili ndi masikirini akuluakulu 6. Woyendetsa aliyense ali ndi ake awiri, ndipo awiri ena ali pakati.

Sikirini yoyamba ndi ya kaulukidwe. Pakati pake pali chithunzi cha magawo awiri: pamwamba pabuluu kuimira thambo, pansi pofiirira kuimira nthaka, ndipo pakati pali kachizindikiro ka mapiko a ndege. Buluu akachuluka ndiye kuti mphuno ya ndege yakwera. Mzere wapakati ukapendekeka ndiye kuti ndege ikukhota. Kumanzere kwa chithunzicho kuli manambala a liwiro, kumanja kuli a kutalika kuchoka pansi, ndipo m'munsi muli mbali imene ndege yalunjika. Kayalidwe kameneka n'kofanana pa ndege zambiri, kuti woyendetsa akasintha ndege maso ake asasochere.

Sikirini yachiwiri ndi mapu oyenda. Imaonetsa njira imene ndege ikutsata, mabwalo a ndege apafupi, kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, ndege zina zimene zili m'derali, komanso mitambo ya mvula. Mvula yochepa imaoneka yobiriwira, yochulukirapo yachikasu, yamphamvu kwambiri yofiira. Zimenezi zimachokera ku chida cha radar chimene chili m'mphuno mwa ndege, ndipo zimathandiza woyendetsa kulambalala mitambo ya mabingu ndi matalala.

Masikirini apakati amaonetsa za mainjini, mafuta, magetsi ndi zitseko. Kumeneko mtundu uli ndi tanthauzo: chobiriwira chili bwino, chachikasu chikufuna kuyang'aniridwa, chofiira chikufuna kuchitapo kanthu nthawi yomweyo. Sikirini payokha siyeza chilichonse. Imangoonetsa zimene yauzidwa ndi zida zina zomwe zili kunja ndi m'mimba mwa ndege.

Kuyeza liwiro ndi kutalika ndi mpweya

M'mbali mwa mphuno ya ndege mumakhala timachubu tachitsulo toloza kutsogolo, tofanana ndi chala kukula kwake. Timatchedwa pitot, potengera Henri Pitot, katswiri wa ku France amene mu 1732 anapanga kachubu kotere poyeza liwiro la madzi a mtsinje wa Seine. Munthu akatulutsa dzanja pawindo la galimoto amamva mphepo ikukankha kwambiri galimoto ikamathamanga. Kachubu ka pitot kamamva kukankha komweko. Pa khoma la ndege palinso timabowo ting'onoting'ono timene timamva kulemera kwa mpweya wongokhala. Kompyuta imachotsera muyeso wa timabowo pa muyeso wa kachubu, ndipo chotsalacho n'chimene chimapereka liwiro.

Liwiro limeneli ndi la ndege mu mpweya, osati pa nthaka, ndipo ndi limene limasunga ndege m'mwamba. Likachepa kwambiri, mapiko amaleka kunyamula ndegeyo. Likachuluka mopitirira muyeso, thupi la ndege likhoza kuwonongeka. Oyendetsa amaliwerenga m'muyeso wotchedwa knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola.

Timabowo tija timathandizanso kudziwa kutalika. Mpweya uli ndi kulemera, ndipo munthu akamakwera umanka nupepuka. Pafupi ndi nthaka, kukwera mamita 8 kumachepetsa kulemerako ndi pafupifupi hectopascal imodzi, umene ndi muyeso womwewo umene a zanyengo amagwiritsa ntchito. Vuto n'lakuti kulemera kwa mpweya kumasintha ndi nyengo. Choncho ndege isananyamuke kapena kutera, a pansanja ya bwalo amauza woyendetsa nambala ya tsikulo kuti aitchere pa chida chake. Atalakwitsa ndi 10 yokha, chidacho chimanama ndi mamita oposa 80, ndipo m'dera la mapiri zimenezi n'zokwanira kuchititsa ngozi. Ndege zikakwera m'mwamba kwambiri, zonse zimatchera nambala imodzi, 1013, kuti miyeso yawo ifanane. M'mwambamo ndege zodutsana zimasiyana ndi mafiti 1,000 okha, omwe ndi mamita pafupifupi 300.

Potera pamabwera chida china. Kunsi kwa ndege kumachoka mafunde a wailesi amene amagunda pansi n'kubwerera, ndipo kuchedwa kwake kumasonyeza mtunda weniweni pakati pa ndege ndi nthaka. Chimayamba kugwira ntchito ndege ikatsika kufika pa mamita pafupifupi 760, ndipo ndi chimene chimachititsa kompyuta kutchula manambala mokweza pamene matayala ali pafupi kugunda msewu.

Palinso kaphiko kakang'ono m'mbali mwa mphuno kamene kamatembenuka ndi mphepo. Kamayeza momwe mapiko apendekera poyerekeza ndi mpweya umene akukumana nawo, ndipo mphuno ikakwera mopitirira kamachititsa kuti chenjezo lilire. Zida zonse zakunjazi zimatenthedwa ndi magetsi, popeza kumwambako kumazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro ndipo madzi amaundana nthawi yomweyo.

Nguli za m'mimba mwa ndege

Nguli ikamazungulira mwamphamvu imaima nji, ngakhale wina apendeketse thabwa limene yaimapo. Zida zakale zosonyeza kuwongoka kwa ndege zinkadalira zimenezi: m'kati mwake munali kagudumu kozungulira kwambiri kamene kankakhala momwe kaliri pamene ndege ikupendekeka mokazungulira. Ndege zamakono zilibe kagudumu koteroko. Zimagwiritsa ntchito kuwala kwa laser kumene kumayenda mozungulira m'kabokosi, kwina kulowera kumanja, kwina kumanzere. Ndege ikakhota, kuwala kumodzi kumayenda mtunda wautaliko pang'ono kuposa kunzake, ndipo kusiyana kumeneku kumauza kompyuta kuti ndege yakhota bwanji.

M'bokosi lomwelo muli zida zomva kukankhika, ngati momwe wokwera basi amakankhikira kumbuyo basi ikanyamuka ndi kutsogolo ikaima. Kompyuta ikadziwa pamene ndege yayambira, n'kumawerengera kukankhika ndi kukhota kulikonse pa sekondi iliyonse, imadziwa pamene ndege yafika popanda thandizo lochokera kunja. Kuti ziyambe bwino, zida zimenezi zimafuna kuti ndege ikhale itaima osagwedezeka kwa mphindi zingapo, nthawi zina mpaka 10. Pa nthawi imeneyo zimamva kuzungulira kwa dziko lapansi n'kupeza kumene kuli kumpoto kwenikweni. Kufooka kwake n'kwakuti tolakwika ting'onoting'ono timaunjikana, moti pakatha maola angapo zikhoza kuphonya ndi makilomita angapo. N'chifukwa chake zimafuna mboni ina yoziwongolera.

Wotchi ndi chida choyendera

Wotchi ya m'chipinda cha oyendetsa siisonyeza nthawi ya dziko limene ndege ili. Imasonyeza nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi, yotchedwa UTC. Mozambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali patsogolo pa nthawi imeneyi ndi maola awiri. Ndege ikanyamuka pa bwalo la Chingodzi ku Tete nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'mabuku a oyendetsa ndi a pansanja amalemba 8 koloko. Malipoti a nyengo, mapulani a ulendo ndi malangizo onse amaperekedwa pa nthawi imeneyi, kuti ndege yochokera ku Lisboa ndi yochokera ku Nairobi zisasemphane kawerengedwe.

Wotchiyo ilinso ndi mbali yowerenga nthawi imene yadutsa chinyamukire, komanso ina yowerenga mphindi ndi masekondi pa ntchito zazifupi. Injini siloledwa kukhala pa mphamvu yonse yonyamukira kupitirira mphindi zochepa, nthawi zambiri 5. Ndege ikauzidwa kudikira m'mwamba isanatere, imazungulira m'njira yoyezedwa ndi mphindi. Pa malo odziwika a ulendo, oyendetsa amayerekeza nthawi ndi mafuta otsala. Mafuta akamatha msanga kuposa zimene wotchi ikunena, amadziwa kuti mwina akutayika. Wanjinga amene amadziwa kuti kumsika n'kwa maola awiri, ola limodzi likatha amadziwa kuti ali pakati pa njira. Oyendetsa ndege amaphunzirabe kawerengedwe komweko: liwiro, mbali ndi nthawi.

Nayo GPS, imene ilinso m'mafoni ambiri, imadalira mawotchi. Masetilaiti ake osachepera 24 amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo aliyense ali ndi wotchi yolondola kwambiri. Setilaiti imaulutsa uthenga wonena pamene ili ndi nthawi imene uthengawo wachoka. Chida cha m'ndege chimaona kuti uthengawo wachedwa bwanji, n'kudziwa mtunda. Ndi nzeru yofanana ndi ya munthu amene amawerenga masekondi pakati pa kung'anima kwa mphezi ndi kugunda kwa bingu: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Koma mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, choncho kulakwitsa ndi kagawo kamodzi mwa magawo miliyoni a sekondi kumaphonyetsa ndi mamita 300. Pamafunika masetilaiti osachepera anayi kuti malo ndi kutalika zidziwike. GPS ndi ya America. Russia ili ndi GLONASS, mayiko a ku Ulaya ali ndi Galileo, ndipo China ili ndi BeiDou.

Uthenga wa setilaiti umafika pansi uli wofooka, ndipo n'zotheka kuusokoneza kapena kuunamizira. Pafupi ndi madera a nkhondo ndege zakhala zikukumana ndi zimenezi. Zikatero oyendetsa amabwerera ku nguli zija ndi ku mawailesi a pansi.

Mawailesi a pansi ndi ngozi ya ku Mbuzini

GPS isanabwere, ndege zinkatsata nyumba za wailesi zomangidwa pansi, ndipo zambiri zikugwirabe ntchito. Yodziwika kwambiri ndi VOR, imene imaulutsa pakati pa 108 ndi 118 MHz, pamwamba pang'ono pa pomwe mawailesi a FM amathera. Woyendetsa akatchera nambala yake, chida chimamuuza mbali imene nyumbayo ili. Nyumba iliyonse imaulutsanso dzina lake m'timaphokoso tatifupi ndi tatitali, kuti woyendetsa atsimikize kuti watchera yoyenera. Nthawi zambiri pambali pake pamakhala DME, imene imayankha uthenga wochokera m'ndege. Kuchedwa kwa yankho kumapereka mtunda. Pa mabwalo akuluakulu palinso ILS, imene imaponya mafunde awiri: ena osonyeza pakati pa msewu wotera, ena osonyeza kutsetsereka koyenera, komwe nthawi zambiri ndi madigiri atatu. Ndi imeneyi ndege imatha kutsika m'chifunga mpaka msewu utaoneka.

Anthu a ku Mozambique amalidziwa bwino dzina la VOR chifukwa cha usiku wa pa 19 Okutobala 1986. Ndege ya Tupolev Tu-134 imene inanyamula Pulezidenti Samora Machel inkabwerera ku Maputo kuchokera ku msonkhano ku Mbala, m'dziko la Zambia. Isanafike, inakhotera kumanja ndi madigiri 37 potsata uthenga wa VOR, n'kumatsika ngati ikuyandikira Maputo pamene inali kulowera ku mapiri a Lebombo. Chida chochenjeza kuti nthaka yayandikira chinalira kwa masekondi 32, koma ndege inapitiriza kutsika n'kugwa ku Mbuzini, m'dziko la South Africa. Komiti ya ku South Africa yotsogoleredwa ndi woweruza Cecil Margo inati olakwa anali oyendetsa, ndipo inaganiza kuti anatchera VOR ya ku Matsapa, ku Swaziland. Akatswiri a Soviet Union anakana zimenezi, n'kunena kuti panali nyumba ya wailesi yabodza imene inaikidwa dala kuti isocheretse ndegeyo. Bungwe la choonadi ndi chiyanjanitso la ku South Africa linaunikanso nkhaniyi mu 1998 ndipo linati ikufunika kufufuzidwabe. Pa malo a ngoziyo pali chikumbutso cha mapaipi achitsulo 35, chimene Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano anatsegulira mu 1999. Mbali ziwirizo zimatsutsana pa yemwe anachititsa, koma zimagwirizana pa mfundo imodzi: ndegeyo inatsata uthenga umene sunali kuloza ku Maputo.

Zida zikayamba kutsutsana

Pofuna kuti chida chimodzi chisanamize ndege yonse, opanga ndege amaika zida ziwiri kapena zitatu za ntchito imodzi. A320 ili ndi timachubu ta pitot titatu ndi mabokosi atatu a nguli. Sikirini ya kaputeni imalandira kuchokera ku gulu lina, ya womuthandiza ku gulu lina, ndipo lachitatu limadikira. Makompyuta amayerekeza zonse. Ziwiri zikagwirizana chimodzi n'kusiyana, chosiyanacho chimaikidwa pambali. Palinso kachida kapadera kosonyeza kuwongoka, liwiro ndi kutalika, kamene kamagwirabe ntchito ngakhale magetsi akuluakulu atazima, komanso kampasi wamba ya maginito.

Ngozi zingapo zasonyeza chimene chimachitika mboni zikasokonezeka. Pa 6 Febuluwale 1996 ndege ya Boeing 757 ya kampani ya Birgenair inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata, ku Dominican Republic, ndipo anthu 189 anafa. Ndegeyo inali itakhala pabwalo kwa masiku ambiri, ndipo ofufuza anaganiza kuti kachilombo kofanana ndi mavu kanamanga chisa cha matope m'kachubu ka pitot ka mbali ya kaputeni. Chida cha womuthandiza chinkanena zoona, koma oyendetsawo anasokonezeka. Pa 2 Okutobala chaka chomwecho ndege ya Aeroperú inagwera m'nyanja pafupi ndi Lima chifukwa tepi imene inamatidwa pa timabowo toyezera mpweya, pokonza kunja kwa ndege, inaiwalika pomwepo. Anthu 70 anafa.

Pa 1 Juni 2009 ndege ya Air France ya mtundu wa A330, yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, inalowa m'mitambo usiku pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Madzi oundana anatseka timachubu ta pitot kwa kanthawi kochepa, ndipo kompyuta yoyendetsa inadzichotsa n'kusiyira anthu. Woyendetsa anakweza mphuno mopitirira, mapiko analeka kunyamula, ndipo anthu 228 anafa. Zimenezi zinadziwika mu 2011 pamene mabokosi ojambula za ulendo, amene pa Chipwitikizi amati caixa negra ngakhale kuti ndi a mtundu wa lalanje, anavuulidwa pansi pa nyanja. M'mabokosi amenewa mawu a oyendetsa ndi miyeso ya zida zimasungidwa limodzi ndi nthawi yake, ndipo ofufuza amatha kuziyala sekondi ndi sekondi.

Ndege ziwiri za Boeing 737 MAX, ya Lion Air ku Indonesia mu Okutobala 2018 ndi ya Ethiopian Airlines pa 10 Malichi 2019, zinagwa n'kupha anthu 346. M'ndege zonse ziwiri pulogalamu ya kompyuta inkakankhira mphuno pansi pomvera kaphiko kamodzi kokha kamene kankanama. Ndege za mtunduwu zinaletsedwa kuuluka padziko lonse, ndipo zinaloledwanso pulogalamuyo itakonzedwa kuti iziyerekeza timapiko tonse tiwiri isanachite kanthu.

Ngozi zimenezi zinasintha kaphunzitsidwe ka oyendetsa. Tsopano amayeserera mobwerezabwereza zoyenera kuchita liwiro likakhala lokayikitsa: kusunga mphuno pa mlingo wodziwika, kuika injini pa mphamvu yodziwika, kenako n'kufufuza modekha kuti chida chonama ndi chiti.

Zina mwa ntchito zotetezera zidazi wapaulendo akhoza kuziona ali pabwalo. Ndege ikagona, timachubu ta pitot timavekedwa tizisoti tokhala ndi nsalu zofiira zolendewera, kuti fumbi ndi tizilombo zisalowe komanso kuti pasakhale woiwala kutichotsa. Ndege isananyamuke, mmodzi wa oyendetsa amaizungulira wapansi akuyang'ana timachubu, timabowo ndi timapiko tija. Pothamanga pa msewu wonyamukira, oyendetsa awiriwo amatchulirana liwiro kuti aone ngati masikirini awo akugwirizana, ndipo akasiyana pa nthawi imeneyo ndege imaimitsidwa. Apaulendo amadandaula ulendo ukachedwa chifukwa cha kachida kochepa ngati chala, koma kachida kameneko kakanama m'mwamba usiku, pamakhala palibe pokakonzera.